Kutopa ndi chipani cholamula pomwe cholowa m'malo chikukayikitsa: kuyerekeza njira za woponya voti

Pamafika nyengo m'dziko lomwe limasankha atsogoleri ake pamene anthu ambiri amagwirizana kuti chipani cholamula chalephera, koma akafunsidwa za amene ayenera kulowa m'malo mwake mawu amayamba kuchepa. Mitengo ya zinthu yakwera, achinyamata akusowa ntchito, nkhani za katangale zikutuluka mwezi ndi mwezi popanda womangidwa, ndipo nduna zikamayankhula zimamveka ngati zikunena za dziko lina. Komabe chipani chachikulu chotsutsa boma, chomwe aliyense akuona kuti ndicho chili pafupi kutenga ulamuliro, chili ndi mbiri yake yomwe anthu sanaiwale, kapena chili ndi atsogoleri omwe sanayesedwepo pa ntchito yolemera chotere, kapenanso chadzaza ndi anthu omwe dzulodzuloli anali m'chipani chomwe tatopa nachocho. Munthu amene wafika pamenepa sikuti wasowa pogwira. Njira zilipo zingapo, ndipo iliyonse inayesedwapo kale m'maiko ena, moti zotsatira zake tingathe kuziona.

Poyerekeza njirazi ndigwiritsa ntchito muyeso umodzi, womwe ndikukhulupirira kuti ndi wolimba kuposa kuyesa malonjezo a pamsonkhano: ngati zitadzapezeka kuti anthu anasankha molakwika, kodi cholakwacho chidzakonzeka pa chisankho chotsatira, kapena chidzatenga zaka zambiri ndi miyoyo ya anthu? Palibe amene angadziwiretu mmene munthu adzalamulire asanalowe m'boma, chifukwa mpando umasintha anthu ndipo mavuto ena amabwera mosayembekezereka. Chomwe tingathe kuchiona chisankho chisanachitike ndi kukula kwa mphamvu zomwe tikupereka, ndiponso ngati tidzakhale ndi njira yozilandanso.

Dziwani kaye mmene mavoti amasandukira mipando

Voti yomweyomweyo imalemera mosiyana malinga ndi malamulo a chisankho, ndipo ambiri amene amalangiza anzawo za kavotedwe amaiwala mfundo imeneyi. Kumene wopeza mavoti ochuluka kuposa anzake ndiye amapambana, ngakhale asanafike theka, zotsatira zimatha kusiyana kwambiri ndi zomwe zinali m'mitima ya anthu. Ku Britain mu Julayi 2024, anthu atatopa ndi zaka 14 za ulamuliro wa chipani cha Conservative, chipani cha Labour chinapeza mavoti pafupifupi 34 pa 100 alionse koma chinatenga mipando yoposa 400 mwa mipando 650 ya m'nyumba ya malamulo, pomwe chipani cha Reform UK, chomwe chinapeza mavoti 14 pa 100 alionse, chinangopata mipando isanu. Ambiri kumeneko anavota pofuna kuchotsa olamula, koma kawerengedwe ka mavoti kanapatsa Labour mphamvu zazikulu ngati kuti dziko lonse linali pambuyo pake. Ku Botswana mu Okutobala chaka chomwecho, chipani cha BDP, chomwe chinalamula kuyambira 1966, chinapeza mavoti pafupifupi 30 pa 100 alionse koma chinatsala ndi mipando inayi yokha mwa mipando 61, ndipo mgwirizano wa UDC wotsogozedwa ndi a Duma Boko unatenga mipando 36.

Kumene lamulo limafuna kuti mtsogoleri wa dziko apeze mavoti oposa theka, monga ku France, ku Ghana, ku Senegal, ndi ku Malawi kuyambira 2020, woponya voti amakhala ndi mpata wotsata mtima wake pa ulendo woyamba n'kudzasankha pakati pa awiri otsala pa ulendo wachiwiri. Kumene mipando imagawidwa molingana ndi mavoti omwe chipani chilichonse chapeza, monga ku South Africa, voti yopita ku chipani chaching'ono sitayika. Choncho njira yomwe ili yanzeru m'dziko lina ikhoza kukhala yodzipweteka nayo kwina.

Kuvotera chipani chachikulu chotsutsa ngakhale mukuchikayikira

Iyi ndiyo njira yomwe anthu ambiri amatenga, ndipo ubwino wake ndi woonekeratu, chifukwa imachotsadi olamula. Phindu la kuchotsako ndi lalikulu kuposa mmene timaliganizira, pakuti phunziro lake limafika kwa andale onse, kuphatikizapo amene akulowawo. Ku Ghana ulamuliro wakhala ukusinthana pakati pa zipani za NDC ndi NPP zaka zisanu ndi zitatu zilizonse, mu 2000, 2008, 2016 ndi 2024. Kusinthanaku sikunaletse dzikolo kuimitsa kubweza ngongole zake zakunja mu Disembala 2022, pomwe mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 54 peresenti pa chaka, koma pa zisankho zonse zinayizo chipani chogonja chinatula pansi ulamuliro mwamtendere. Chizolowezi chimenechi pachokha ndi chamtengo wapatali, chifukwa chimachititsa kuti cholakwa cha chisankho chimodzi chikonzeke pa chisankho china.

Kuopsa kwa njirayi kumaoneka bwino pa zomwe zinachitika ku Kenya. Mu Disembala 2002 anthu a kumeneko anachotsa chipani cha KANU, chomwe chinalamula kuyambira 1963, n'kusankha a Mwai Kibaki a mgwirizano wa NARC ndi mavoti oposa 60 pa 100 alionse. Chisangalalo chinali chachikulu moti m'masabata oyamba anthu apaulendo ankatsika m'galimoto n'kugwira okha apolisi a pamsewu omwe ankalandira ziphuphu. Boma latsopano linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu Januwale 2003, ndipo chuma chinayamba kukula. Koma a Kibaki anali atakhalapo wachiwiri kwa a Daniel arap Moi, mtsogoleri wa dziko wa chipani cha KANU, kwa zaka khumi, ndipo ambiri mwa akuluakulu a NARC anali atangotuluka kumene mu KANU. Pangano lomwe anasainirana ndi gulu la a Raila Odinga chisankho chisanachitike, lokhudza kugawana maudindo ndi kukhazikitsa mpando wa nduna yaikulu, silinatsatidwe. A John Githongo, omwe anapatsidwa ntchito yolimbana ndi katangale mu ofesi ya mtsogoleri wa dziko, anatula pansi udindo mu 2005 ali ku Britain, atatulukira kuti nkhani ya katangale ya Anglo Leasing inkakhudza nduna za boma lomwelo. Mgwirizano unasweka pa riferendamu ya malamulo oyendetsera dziko ya chaka chomwecho, ndipo chisankho cha 2007 chinathera m'ziwawa zomwe zinapha anthu oposa 1,000.

Anthu a ku Kenya sanalakwe kuchotsa KANU. Chomwe chinawapweteka n'chakuti anasintha wokhala pa mpando koma mpandowo unatsala ndi mphamvu zonse zomwe a Moi anazisiya. NARC inalonjeza malamulo atsopano oyendetsera dziko m'masiku 100, koma malamulowo anadzabwera mu 2010, magazi atakhetsedwa kale. Ku Gambia zinayenda mofanana ngakhale kuti kunalibe ziwawa zotere. A Adama Barrow anagonjetsa a Yahya Jammeh mu Disembala 2016 atalonjeza kuti adzangolamula zaka zitatu monga boma longogwirizira, koma anakhala zaka zisanu zonse, malamulo atsopano omwe akanaika malire pa nthawi yolamula anakanidwa m'nyumba ya malamulo mu 2020, ndipo pofika 2021 chipani chawo chinali chitachita mgwirizano ndi chipani chomwe a Jammeh anayambitsa. Lonjezo lochepetsa mphamvu za mtsogoleri ndi lomwe limaiwalika msanga kuposa onse, chifukwa amene ayenera kulikwaniritsa ndi yemweyo amene mphamvuzo zikumukomera.

Kukayikira kumakula kwambiri pamene wolowa m'malo ndi amene anthu anamuchotsapo kale. A John Mahama anagonja ali pa mpando mu 2016, dziko la Ghana litavutika ndi kuzimazima kwa magetsi, koma anabwerera mu 2024. Ku Malawi a Peter Mutharika, omwe kupambana kwawo kwa mu 2019 kunathetsedwa ndi bwalo la milandu ndipo anagonja kwa a Lazarus Chakwera mu Juni 2020, anasankhidwanso mu Sepitembala 2025 ndi mavoti oposa theka. Ena amanena kuti anthu ochita zimenezi ndi oiwala msanga, koma ine sindikuona choncho, chifukwa munthu amene wakhalapo pansi pa maboma onse awiri akuyerekeza mavuto awiri omwe anawamva m'thupi mwake, ndipo ali ndi ufulu wonena kuti lina linali lopepukirapo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo wovotera chipani chakale ayenera kudziwa kuti chikubwera ndi anthu ake, ngongole zake kwa amene anachisamala chili kunja kwa boma, ndiponso mangawa ake kwa amene anachizunza. Funso loyenera ndi lakuti chasintha chiyani m'zaka zomwe chinali kunja. Ku Mexico chipani cha PRI, chomwe chinalamula zaka 71 mpaka 2000, chinabwerera mu 2012 ndi mtsogoleri wachinyamata, a Enrique Peña Nieto, chikunena kuti chasinthika, koma nkhani za katangale ndi kusowa kwa ophunzira 43 a ku Ayotzinapa mu 2014 zinachititsa kuti pa chisankho cha 2018 wochiimira athere pa nambala yachitatu.

Munthu amene wasankha njira imeneyi ayenera kuyesa chipanicho pa zinthu zomwe zikuoneka lero, chifukwa manifesito amalembedwa ndi anthu ochepa ndipo sachedwa kuiwalika. Choyamba kuona ndi mndandanda wa oimira chipani pa mipando ya aphungu. Tengani mainawo limodzilimodzi, muone kuti ndi angati omwe pa chisankho chapitacho anaimira chipani cholamula, ndi angati omwe ali ndi milandu ya katangale yosatha m'mabwalo, ndiponso ndi angati omwe anapambana pa zisankho zachipulula poyerekeza ndi omwe anangoikidwa ndi likulu. Chipani chomwe chimabera mamembala ake omwe pa chisankho cha m'kati mwake chakuonetsani kale mmene chidzachitire ndi bungwe loyendetsa chisankho cha dziko lonse. Onaninso kumene chipanicho chikulamula kale, kaya ndi mzinda kapena chigawo, ngati zinyalala zikutoledwa, ngati makontirakiti akuperekedwa poyera, ndiponso zomwe wofufuza kayendetsedwe ka ndalama za boma analemba za malo amenewo. Funsani amene akulipira kampeni, pakuti ndege, magalimoto ndi zikwangwani zili ndi eni ake omwe adzabwera kudzatenga zawo. Ngati ndi mgwirizano wa zipani, pangano lawo lifalitsidwe anthu asanavote, chifukwa pangano lotsekeredwa mu ofesi ya loya ndi lomwe limadzakanidwa.

Kupatsanso olamula mwayi wina

Njira iyi anthu okwiya safuna n'kuimva komwe, koma iyenera kuyesedwa mwachilungamo. Si mavuto onse omwe amachokera ku boma. Mliri wa Covid-19 ndi nkhondo ya ku Ukraine yomwe inakula mu Febuluwale 2022 zinakweza mitengo ya mafuta, feteleza ndi chakudya pa dziko lonse, ndipo mu 2024 zipani zolamula za maganizo osiyanasiyana zinataya mavoti m'maiko ambiri, kuyambira ku Britain ndi Japan mpaka ku India ndi South Africa. Woponya voti wachilungamo amasiyanitsa zomwe boma linakumana nazo ndi zomwe linachita lokha, pakuti nkhondo ikhoza kukweza mtengo wa mafuta koma siichititsa nduna kugawira abale ake makontirakiti. Kusowa luso kwa atsopano nakonso ndi vuto lenileni. Ku Japan chipani cha DPJ chinagonjetsa chipani cholamula cha LDP mu 2009 ndi mipando 308 mwa 480, koma m'zaka zitatu chinasintha nduna yaikulu mpaka kukhala nazo zitatu, chinakumana ndi chivomezi ndi ngozi ya ku Fukushima mu 2011, ndipo mu 2012 anthu anabwezeretsa LDP.

Pali nthawi imodzi yomwe ndimaiona njirayi kukhala yoyenera popanda kuzengereza, ndiyo pamene wolowa m'malo akuonetsa kuti sadzalemekeza chisankho, mabwalo a milandu, kapena ufulu wa gulu lina la nzika. Ku France mu 2002 a Jacques Chirac, omwe anali pa mpando, sanafike n'komwe mavoti 20 pa 100 alionse pa ulendo woyamba, koma atatsala ndi a Jean-Marie Le Pen, omwe ankadziwika ndi mfundo zodana ndi anthu obwera, anapambana ndi 82 peresenti, chifukwa anthu mamiliyoni omwe sankawakonda anaona kuti boma lofooka likhoza kuchotsedwa mawa, pomwe kuwonongeka kwa ufulu kumatenga nthawi kuti kukonzeke. Kunja kwa nyengo yotere, kubwezeretsa chipani chomwe chalephera poyera kumachiuza kuti palibe chomwe chingachigwetse, ndipo akuba omwe ali m'kati mwake ndi amene amaumva bwino kwambiri uthenga umenewu.

Chipani chachitatu kapena nkhope yatsopano

Njira iyi imakopa amene anyansidwa ndi zipani zonse ziwiri zazikulu, ndipo m'zaka zaposachedwapa yasiya kukhala maloto chabe. Ku Sri Lanka a Anura Kumara Dissanayake anapeza mavoti atatu okha pa 100 alionse mu 2019, koma chuma chitagwa mu 2022 ndipo zionetsero zitathamangitsa mtsogoleri wa dziko, a Gotabaya Rajapaksa, anapambana mu Sepitembala 2024, ndipo patangopita miyezi iwiri mgwirizano wawo unatenga mipando 159 mwa 225. Ku Senegal a Bassirou Diomaye Faye anatuluka m'ndende patatsala masiku khumi kuti chisankho cha mu Malichi 2024 chichitike, n'kupambana pa ulendo woyamba ndi 54 peresenti. Ku Lesotho chipani cha a Sam Matekane chinakhazikitsidwa mu Malichi 2022 ndipo pofika Okutobala chinali chitapeza mipando yochuluka kuposa zipani zonse.

Chomwe zitsanzo izi zikufanana n'chakuti zipani zakale zinali zitagwa zonse pamodzi m'maso mwa anthu, ndipo watsopanoyo anakhala yekha poyera. Kumene zinthu sizili choncho, voti yachitatu imatha kupulumutsa chipani chomwe munafuna kuchichotsa. Tiyerekeze dera lomwe muli ovota 100, ndipo 62 mwa iwo atopa ndi phungu wa chipani cholamula. Ngati 33 avotera chipani chachikulu chotsutsa ndipo 29 avotera chachitatu, phunguyo abwerera ndi mavoti ake 38, ndipo usiku wolengeza zotsatira anthu 62 aja adzayang'anana modabwa, aliyense akunena kuti mnzake ndiye anataya voti. Zimenezi ndi zomwe zinachitika ku Nigeria mu 2023, kumene a Atiku Abubakar ndi a Peter Obi, omwe mu 2019 anaima pamodzi pa tikiti imodzi, anapikisana okhaokha n'kupeza pafupifupi 29 ndi 25 peresenti, ndipo a Bola Tinubu a chipani cholamula anapambana ndi mavoti osafika 37 pa 100 alionse. Ngakhale kumene kuli maulendo awiri chenjezo lilipo, chifukwa chomwe chinaika a Le Pen pa ulendo wachiwiri mu 2002 ndi kumwazikana kwa mavoti pakati pa opikisana 16, komwe kunagwetsa a Lionel Jospin, omwe anali nduna yaikulu, ndi kusiyana kochepa kwambiri kwa mavoti.

Pali chinthu chinanso chomwe okonda nkhope zatsopano ayenera kuchikumbukira: watsopano amalandira mabuku a chuma omwe akale anasiya. Ku Senegal bwalo lofufuza kayendetsedwe ka ndalama za boma linapeza mu 2025 kuti ngongole ya dziko inali pafupifupi yofanana ndi chuma chonse chomwe dzikolo limapanga pa chaka, pomwe boma lapitalo linkanena za 74 peresenti. Mtsogoleri aliyense, kaya ndi woyera mtima chotani, akapeza zotere amayamba ndi kubweza ngongole, ndipo malonjezo amadikira. N'chifukwa chake wopikisana amene akulonjeza kutsitsa misonkho, kukweza malipiro ndi kutchipitsa zinthu nthawi imodzi, osatchula kumene ndalama zidzachokere, ndimamuopa kuposa amene akunena poyera kuti chaka choyamba chidzakhala chowawa.

Kukhala kunyumba, kuwononga voti, kunyanyala

Mwa njira zonse iyi ndiyo yofooka kwambiri, ngakhale kuti mtima womwe umaibala ndi womveka. Mavoti osaponyedwa sawerengedwa ngati mkwiyo, amangochepetsa chiwerengero chomwe wopambana akufunika, ndipo amene amakhala ndi otsatira okhulupirika ndi galimoto zowatengera kumalo ovotera nthawi zambiri ndi chipani cholamula. Otsutsa boma ku Venezuela ananyanyala chisankho cha aphungu mu 2005, ndipo zipani zotsatira mtsogoleri wa dziko, a Hugo Chávez, zinatenga mipando yonse 167 n'kupanga malamulo kwa zaka zisanu popanda wotsutsa. Ku Kenya mu Okutobala 2017 a Odinga atakana kupikisana pa chisankho chachibwereza, anthu osafika 40 pa 100 alionse ndiwo anavota, koma a Uhuru Kenyatta analumbiritsidwabe ndi 98 peresenti yawo.

Maiko ena anapereka malo a mkwiyo pa pepala lovotera. Ku India kuyambira 2013 munthu amatha kusankha kuti sakufuna aliyense mwa opikisana, ndipo mu 2024 m'dera la Indore anthu oposa 200,000 anachita zimenezo, koma lamulo silipatsa mavoti amenewo mphamvu yosintha zotsatira, moti wopeza mavoti ochuluka anapitabe ku nyumba ya malamulo. Ku Colombia n'kosiyana, chifukwa voti yokana onse ikaposa theka chisankho chimabwerezedwa ndi opikisana ena, monga zinachitikira pa chisankho cha meya wa mzinda wa Bello mu 2011. Kumene kulibe lamulo ngati la ku Colombia, kuwononga voti kumangotonthoza woponyayo.

Kuchotsa olamula koma osapereka mphamvu zonse kwa olowa

Njira yomwe ndimaikonda kuposa zonse, kumene malamulo amalola, ndiyo yosiyanitsa voti ya mtsogoleri wa dziko ndi voti ya phungu. Pa pepala loyamba munthu amavotera amene angathe kuchotsa olamula, ndipo pa lachiwiri amavotera amene adzaime n'kufunsa mafunso, kaya ndi wa chipani chachitatu, woima payekha, kapena ngakhale phungu wa chipani chogonjacho ngati iyeyo anagwira ntchito bwino. Njira imeneyi imavomereza kukayikira kwanu n'kukusandutsa malire pa mphamvu za wolowayo, makamaka kumulepheretsa kupeza magawo awiri mwa atatu a mipando, omwe m'maiko ambiri ndi okwanira kusinthira malamulo oyendetsera dziko.

Ku Ghana mu 2020 anthu anabwezeretsa a Nana Akufo-Addo pa mpando koma anagawa nyumba ya malamulo pakati, mipando 137 mbali iliyonse ndi woima payekha mmodzi, ndipo sipikala, a Alban Bagbin, anachokera ku chipani chotsutsa. Msonkho wa potumiza ndalama pa foni, womwe boma linkafuna kuti ukhale 1.75 peresenti, unakanganitsa aphungu miyezi ingapo ndipo unadutsa utatsitsidwa. Ku South Africa mu Meyi 2024 chipani cha ANC chinatsika kuchoka pa mavoti 57 pa 100 alionse kufika pa 40, koyamba kutaya mipando yoposa theka chiyambire 1994, ndipo anthu sanapereke dziko kwa chipani chachikulu chotsutsa cha DA, chomwe chinapeza pafupifupi 22 peresenti, kapena kwa chipani cha MK cha a Jacob Zuma. Boma la mgwirizano lomwe linapangidwa linalephera kupereka bajeti pa tsiku lake mu Febuluwale 2025 chifukwa zipani zina zinakana kukweza msonkho wa VAT kuchoka pa 15 kufika pa 17 peresenti, ndipo pamapeto pake msonkhowo sunakwere. M'zaka 30 za m'mbuyomo ANC ikanangodutsitsa zomwe yafuna.

Njirayi ili ndi zovuta zake, ndipo sizing'onozing'ono. Maboma a mgwirizano amatha kukhala osakhazikika, monga mzinda wa Johannesburg womwe unasintha mameya kangapo pakati pa 2021 ndi 2024 pomwe misewu ndi mapaipi a madzi zinkawonongeka. Oima paokha nawonso amagulika mosavuta. Ku Malawi mu 2019 oima paokha anatenga mipando yoposa 50 mwa 193, koma ambiri a iwo sanachedwe kupita mbali ya boma, ndipo gawo 65 la malamulo a dzikolo, lomwe limaletsa phungu kusintha chipani, lakhala likuvuta kuligwiritsa ntchito. Choncho pa pepala la phungu chofunika ndi kumudziwa munthuyo payekha, mbiri yake ndi kumene amapeza ndalama, chifukwa chizindikiro chomwe waimira chikhoza kusintha sabata yolumbira isanathe. Komanso m'maiko ngati Britain ndi Botswana, kumene voti ya phungu ndi yomweyo yosankha boma, kugawa kotere sikutheka, ndipo chomwe chimatsala ndi kuona dera ndi dera kuti ndani angathe kupambana.

Dziko la Zambia linadutsa pafupifupi m'njira zonsezi m'zaka khumi zokha. Mu 1991 anthu anachotsa a Kenneth Kaunda ndi UNIP patatha zaka 27, n'kupatsa a Frederick Chiluba ndi MMD mavoti pafupifupi atatu mwa anayi alionse pamodzi ndi mipando 125 mwa 150. Ndi mipando imeneyo boma latsopano linasintha malamulo mu 1996 kuti munthu amene makolo ake sanabadwire m'dzikomo asapikisane, lamulo lomwe aliyense anadziwa kuti likulunjika kwa a Kaunda. UNIP inanyanyala chisankho, ndipo MMD inangowonjezera mipando. Mu 2001 a Chiluba anafuna kusintha malamulo kuti alamule kachitatu, ndipo amene anawaletsa anali mipingo, bungwe la maloya ndi mabungwe omwe si aboma omwe anapanga Oasis Forum, pamodzi ndi aphungu ndi nduna za m'chipani chawo chomwe, kuphatikizapo wachiwiri wawo, a Christon Tembo. Ambiri mwa anthu amenewa ndi omwe anawathandiza kulowa m'boma mu 1991. Pa chisankho cha mu Disembala 2001 otsutsa anamwazikana, ndipo a Levy Mwanawasa, omwe a Chiluba anawasankha okha, anapambana ndi 29 peresenti yokha pomwe a Anderson Mazoka anapeza 27. MMD sinapeze mipando yoposa theka pa chisankho cha aphungu, ndipo mu Julayi 2002 nyumba ya malamulo yomweyo inachotsa chitetezo cha a Chiluba kuti akayankhe milandu ya katangale m'bwalo.